Mmene Mungasankhire Tsiku Lonyamuka Mukapeza Malo pa Sukulu Yakunja

Chaka chilichonse pamakhala ophunzira amene amakhoza mayeso, amapeza malo pa yunivesite yakunja, amasonkhanitsa ndalama movutikira ndipo amalandira viza, koma ulendo wawo umakathera pabwalo la ndege chifukwa cha tsiku limene anasankha. Ena amafika msanga kuposa mmene lamulo la dzikolo limalolera, pamene ena amafika sukulu itatseka kale kaundula wa ophunzira atsopano. Gwero la vutoli n'lakuti anthu ambiri amaganiza kuti viza ikangotuluka ndiye kuti munthu akhoza kunyamuka tsiku lililonse limene wafuna, chikhalirecho mayiko ambiri amaika nthawi yochepa imene wophunzira watsopano ayenera kulowera, ndipo nthawiyo imawerengedwa kuchokera pa tsiku loyambira maphunziro. Malangizo ali m'munsiwa akuthandizani kupeza nthawi imeneyo ndi kukonza ulendo wanu wonse moitsatira.

## Zimene muyenera kukhala nazo musanayambe

- Kalata yochokera ku sukulu yotsimikizira kuti mwapatsidwa malo, pamodzi ndi chikalata chimene boma la dzikolo limazindikira: I-20 ku United States, nambala ya CAS ku United Kingdom, CoE ku Australia.
- Pasipoti imene yatsala ndi nthawi yokwanira komanso masamba osachepera awiri opanda kanthu.
- Kalendala yapepala yoonetsa miyezi yonse ya chaka, ndi cholembera. Kalendala ya pafoni imaonetsa mwezi umodzi pa nthawi, choncho kuwerenga masiku chobwerera kumasokoneza.
- Masitetimenti a ku banki kapena kalata ya amene akukulipirirani maphunziro.
- Adiresi ya imelo ndi nambala ya foni ya ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja pa sukulu yanu.
- Tsamba la pa intaneti la boma la dziko limene mukupita. Malamulo a viza amasintha kawirikawiri, ndiye chilichonse chimene mwamva kwa mnzanu amene anapita chaka chatha muchitsimikize pa tsambali.

## Gawo loyamba: kupeza masiku

### 1. Lembani masiku atatu pa kalendala

Tsiku loyamba ndi loyambira maphunziro monga lalembedwera pa chikalata cha boma chija. Lachiwiri ndi tsiku limene mungayambe kuloledwa kulowa m'dzikolo, ndipo lachitatu ndi tsiku lomaliza limene sukulu ingakulandireni. Ulendo wanu uyenera kugwera pakati pa tsiku lachiwiri ndi loyamba, ndipo lachitatu mulisunge ngati pothawira zinthu zikavuta.

Chenjezo: Tsiku limene makalasi amayamba ndi tsiku lolembedwa pa chikalata nthawi zina amasiyana, chifukwa sukulu zambiri zimalemba tsiku limene sabata yolandirira ophunzira atsopano imayamba. Tsatirani lolembedwa pa chikalata, popeza ndi limene wogwira ntchito ya imigireshoni adzaone. Samalaninso ndi kalembedwe ka madeti, chifukwa ku United States amayamba ndi mwezi kenako tsiku, moti 09/02 kumeneko ndi 2 Seputembala, osati 9 Febuluwale.

### 2. Werengani masiku chobwerera motsatira lamulo la dziko lanu la maphunziro

Sitepe iyi ndi imene anthu ambiri amagwerapo, choncho tiifotokoza mwatsatanetsatane.

Ku United States, wophunzira watsopano wa viza ya F-1 kapena M-1 saloledwa kulowa pasanafike masiku 30 tsiku loyambira maphunziro lisanakwane. Ofesi ya kazembe ikhoza kupereka vizayo kutatsala masiku okwana 365, ndipo apa ndi pamene chisokonezo chimabadwira: munthu akhoza kukhala ndi viza yabwinobwino m'pasipoti kuyambira mwezi wa Malichi, koma osaloledwa kuigwiritsa ntchito mpaka kumapeto kwa Julayi. Tiyerekeze kuti I-20 yanu ikunena kuti maphunziro akuyamba pa 25 Ogasiti. Mukawerenga masiku 30 chobwerera mufika pa 26 Julayi. Munthu amene wangoganiza kuti masiku 30 ndi mwezi umodzi agula tikiti yofikira pa 25 Julayi, ndipo akhala atafulumira ndi tsiku limodzi chifukwa Julayi ali ndi masiku 31. Tsiku limodzi lomwelo ndi lokwanira kuti kampani ya ndege imukanize kukwera kapena kuti abwezedwe akafika. Mwamwayi, pa tsamba loyamba la I-20 pamakhala palembedwa kale tsiku loyamba limene mungalowe, ndiye muliyerekeze ndi kuwerengera kwanu.

Ku United Kingdom lamulo limadalira kutalika kwa maphunziro. Ngati maphunziro anu ndi opitirira miyezi 6, mukhoza kufika kutatsala mwezi umodzi. Ngati ndi a miyezi 6 kapena yocheperapo, mukhoza kufika kutatsala sabata imodzi yokha. Komabe chimene chili ndi mphamvu ndi tsiku limene viza yanu ikuyamba kugwira ntchito, ndipo simuyenera kulowa tsikulo lisanafike ngakhale maphunziro atayandikira bwanji. Amene walowa tsikulo lisanakwane sakhala kuti walowa ngati wophunzira, ndipo sukulu imamuuza kuti atuluke m'dzikolo n'kulowanso nthawi yoyenera, zimene zikutanthauza tikiti ina pa nthawi imene ndalama zili zochepa kwambiri.

Ku Canada, chimene mumalandira musananyamuke ndi kalata yokudziwitsani kuti pempho lanu lavomerezedwa, ndipo chilolezo chenicheni chophunzirira chimasindikizidwa ndi wogwira ntchito ya m'malire pabwalo la ndege limene mwafikira koyamba. Kufika kutatsala milungu iwiri kapena itatu n'kosavuta kufotokoza, koma kufika kutatsala miyezi ingapo kumadzetsa mafunso, makamaka chifukwa simuloledwa kugwira ntchito maphunziro asanayambe. M'chigawo cha Schengen, chimene ndi gulu la mayiko a ku Ulaya amene anthu amayenda pakati pawo osaonedwa mapepala m'malire, monga Germany, France ndi Italy, wophunzira wa nthawi yaitali amalandira viza ya mtundu wa D, imene imaonetsa tsiku loyambira ndi lothera, ndipo masiku awiriwo ndi amene muyenera kutsatira.

Chenjezo: Tsiku limene limawerengedwa ndi lofikira, malinga ndi nthawi ya kumene mwafikirako. Ndege yonyamuka madzulo imafika mawa lake, koma yolowera kumadzulo kwa dziko lapansi ikhoza kufika tsiku lomwelo limene yanyamuka ngakhale itauluka maola ambiri. Yang'anani tsiku lofikira lolembedwa pa tikiti. Ine ndimalangiza kusiya masiku awiri kapena atatu pambuyo pa tsiku loyamba lololedwa, chifukwa kampani ya ndege ikasintha ndandanda yake ikhoza kukusunthirani pa ndege yofika msanga inu osazindikira kuti zimenezo zakuphwanyitsani lamulo.

## Gawo lachiwiri: kupempha viza pa nthawi yake

### 3. Pemphani viza mwamsanga chikalata cha sukulu chikangofika

Ku United Kingdom mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6 maphunziro asanayambe, ndipo yankho kawirikawiri limatuluka pasanathe milungu itatu kuchokera pamene mwajambulitsa zala. Nambala ya CAS imagwira ntchito kwa miyezi 6 ndipo imagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha, choncho pempho likakanidwa muyenera kupempha nambala ina ku sukulu. Ku United States mumayamba mwalipira ndalama ya SEVIS (kaundula wa boma wa ophunzira ochokera kunja), imene ndi madola 350 kwa ophunzira a F-1, kenako mumadzaza fomu ya DS-160 n'kusungitsa tsiku lokafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe.

Chenjezo: Sukulu zambiri za ku Ulaya ndi kumpoto kwa America zimatsegulira mu Ogasiti ndi Seputembala, moti kuyambira Juni mpaka Ogasiti maofesi a akazembe amakhala odzaza ndipo masiku okafunsidwa mafunso amasowa. Komanso kufunsidwa mafunso sikutanthauza kuti nkhani yatha. Ofesi ya kazembe wa United States ikhoza kuimika pempho pansi pa gawo 221(g) la lamulo la imigireshoni kuti ifufuze zina, ndipo kufufuzako kulibe tsiku lodziwika lothera. Amene wapempha mu Meyi amakhala ndi mpata wodikira, pamene amene wapempha kutatsala milungu itatu alibe.

### 4. Konzani ndalama ndi zachipatala, chifukwa nazonso zili ndi masiku ake

Boma la United Kingdom limafuna kuti ndalama zikhale mu akaunti kwa masiku 28 otsatizana, osatsikapo ngakhale tsiku limodzi pa mlingo wofunika, ndipo tsiku lomaliza la masiku 28 amenewo lisapitirire masiku 31 kuchokera pa tsiku limene mukupereka pempho. Izi zikutanthauza kuti wachibale akaika ndalama lero, simungapemphe viza mpaka patatha milungu inayi. Germany imafuna kuti ophunzira ambiri ochokera kunja kwa European Union atsegule akaunti yapadera imene ndalama zake zimatuluka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo kutsegula akauntiyo ndi kutumizamo ndalama kumatenga masiku amene muyenera kuwaika pa kalendala yanu.

Anthu ochokera m'mayiko ena amayenera kuyezetsa chifuwa chachikulu pachipatala chovomerezedwa asanapemphe viza ya United Kingdom, ndipo chikalata chake chimagwira ntchito kwa miyezi 6. Ngati njira yanu ikudutsa m'dziko limene limafuna katemera wa matenda a yellow fever, dziwani kuti chikalata chake chimayamba kugwira ntchito patatha masiku 10 mutabayidwa, choncho kubayitsa dzulo la ulendo n'kosathandiza.

### 5. Viza ikatuluka, iwerengeni liwu ndi liwu tsiku lomwelo

Onani kalembedwe ka dzina lanu, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti, mtundu wa viza, dzina la sukulu ngati lalembedwa, tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Cholakwika chikapezeka mudakali kwanu chimakonzedwa ndi ofesi imene yapereka viza, koma chikapezeka pabwalo la ndege palibe amene angachikonze. Viza ya ophunzira ya United Kingdom masiku ano imasungidwa pa intaneti ndipo imatchedwa eVisa, choncho tsegulani akaunti ya UKVI (nthambi ya boma yoona za maviza ndi imigireshoni) musananyamuke ndi kutsimikiza kuti pasipoti imene mudzayendere ndi imene yalumikizidwa ku akauntiyo.

## Gawo lachitatu: ulendo weniweni

### 6. Gulani tikiti viza itatuluka, ndipo fufuzani njira yonse

N'zoona kuti mtengo wa tikiti umakwera tsiku lonyamuka likamayandikira, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake makolo ambiri amafuna kugula msanga. Komabe tikiti yotchipa kwambiri kawirikawiri sibwezedwa ndalama, ndipo kuisintha kumadula kuposa zimene munapulumutsa. Ngati simungadikire, gulani tikiti yololeza kusintha tsiku, mutawerenga bwinobwino malamulo ake musanalipire.

Kenako yang'anani dziko lililonse limene ndege idzaime. Mayiko ena amafuna viza yodutsira ngakhale munthu asatuluke m'bwalo la ndege, ndipo zimenezi zimadalira pasipoti imene muli nayo. United States ilibe njira yodutsira popanda kuonana ndi a imigireshoni, moti wophunzira amene akupita ku Canada kudzera ku New York ayenera kukhala ndi chilolezo cholowera mu United States. United Kingdom ndi mayiko a Schengen nawonso ali ndi mindandanda ya mayiko amene nzika zake zimafunika viza yodutsira. Njira yoima kawiri m'mayiko a Schengen, mwachitsanzo Paris kenako Frankfurt, imakulowetsani m'chigawocho, chifukwa ndege ya pakati pa mizinda iwiriyo imatengedwa ngati ya m'kati.

Chenjezo: Mafunso a imigireshoni amachitikira pabwalo loyamba limene mwafikira m'dzikolo, ngakhale sukulu yanu ili mumzinda wina. Ngati mukupita ku Ohio kudzera ku Washington, mapepala anu adzaonedwa ku Washington, kumenenso mudzatenge katundu wanu n'kumuperekanso ku ndege yachiwiri. Siyani maola osachepera atatu pakati pa ndege ziwirizo, ndipo ku Toronto, Montreal kapena Vancouver onjezerani, chifukwa mzere wa olandira chilolezo chophunzirira umatalika kwambiri sukulu zikamatsegulira. Pewaninso kugula matikiti awiri osiyana a ulendo umodzi, popeza ndege yoyamba ikachedwa kampani yachiwiri sikhala ndi udindo wokupezerani ina.

### 7. Gwirizanitsani tsiku lofika ndi malo ogona

Lamulo likhoza kukulolani kufika kutatsala masiku 30, koma nyumba zogona za sukulu zimatsegulidwa patatsala masiku ochepa kuti maphunziro ayambe. Funsani tsiku limene mungalandire kiyi, ndipo ngati mukufika tsikulo lisanakwane werengerani mtengo wa malo ongoyembekezera. Kwa anthu ambiri, kufika kutatsala masiku 7 mpaka 14 n'kokwanira kuti thupi lizolowere kusintha kwa nthawi, atsegule akaunti ya ku banki ndi kudziwa njira yopitira ku sukulu. Yesetsani kufika masana pakati pa sabata, maofesi a sukulu ali otsegula, kuti wogwira ntchito ya imigireshoni akafuna kutsimikiza zinazake apeze womuyankha foni.

### 8. Ikani mapepala onse m'chikwama cha m'manja

Pasipoti, chikalata cha sukulu, risiti ya SEVIS kapena kalata ya boma la Canada, umboni wa ndalama, adiresi ya kumene mukagone, chikalata cha zachipatala ndi mankhwala amene mumamwa pamodzi ndi kalata ya dokotala, zonsezi zikhale nanu m'ndege. Katundu wamkulu mumamulandira mutadutsa kale pa imigireshoni, ndiye pepala limene lili m'sutikesi silingakuthandizeni pa nthawi imene likufunika. Sindikizani chilichonse pa pepala, chifukwa foni imatha moto komanso m'malo ena ofunsira mafunso salola kuigwiritsa ntchito. Ngati mwanyamula ndalama zambiri, kumbukirani kuti zopitirira madola 10,000 ku United States, kapena zokwana mayuro 10,000 ku European Union, ziyenera kuululidwa kwa a kasitomu.

### 9. Yankhani mafunso mwachidule ndiponso moona

Mudzafunsidwa dzina la sukulu, maphunziro amene mukachite, tsiku loyambira, amene akulipira ndi kumene mukagone. Mayankho anu agwirizane ndi zolembedwa pa mapepala. Akakutumizani m'chipinda china kuti akafufuze zambiri, khalani odekha, chifukwa zimenezi zimachitikira ophunzira ambiri ndipo kawirikawiri zimatha akatsimikiza mbiri yanu pa kompyuta. Musanachoke pamalopo, onani chimene alemba kapena kusindikiza. Ku Canada werengani chilolezo chanu muli pomwepo, makamaka mawu onena za kugwira ntchito. Ku United States tsegulani I-94 yanu (chikalata choonetsa mmene mwalowera m'dzikolo) pa intaneti mukangofika kuti muone ngati mwalembedwa kuti mwalowa ngati F-1.

### 10. Kadzionetseni ku sukulu mwamsanga, ndipo mukachedwa nenani musananyamuke

Sukulu ili ndi udindo wodziwitsa boma kuti mwafika, ndipo wophunzira amene sanakalembetse amaoneka ngati sanabwere. Mayiko ena amafunanso kuti mulembetse adiresi yanu. Ku Germany muyenera kutero pasanathe masiku 14 mutalowa m'nyumba, kenako n'kupempha chilolezo chokhalira m'dzikolo viza isanathe.

Viza ikachedwa moti simungafike pa tsiku loyambira, lemberani ofesi ya ophunzira ochokera kunja nthawi yomweyo. Ikhoza kukupatsani kalata yololeza kufika mochedwa, kusintha tsiku pa chikalata chanu, kapena kusunthira malo anu ku chigawo chotsatira cha maphunziro. Kunyamuka tsiku litadutsa popanda kalata yotereyi n'kuika pangozi tikiti, viza ndi malo anu pa sukulu nthawi imodzi.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chimene chimapweteka kwambiri ndi kulowa msanga pogwiritsa ntchito viza ya alendo pofuna kuchezera achibale, munthu n'kumaganiza kuti tsiku la sukulu likakwana adzangoyamba kuphunzira. Boma limakudziwani malinga ndi mtundu wa chilolezo chimene munalowera. Amene walowa mu United States ngati mlendo sangayambe maphunziro mpaka atatuluka n'kulowanso ndi F-1, kapena atapempha kusintha chilolezo ali komweko, zimene zimatenga miyezi ndipo semesita imakhala ikupita. Ngati mukufunadi kuchezera achibale kaye, konzani maulendo awiri osiyana ndipo muwerengere mtengo wake poyambirira.

Ena amaiwala tsiku lothera pasipoti. United States imafuna kuti pasipoti ikhale ndi miyezi 6 kupitirira nthawi imene munthu akufuna kukhala, kupatula nzika za mayiko amene ali ndi mgwirizano wapadera, ndipo kukonzetsa pasipoti viza itatuluka kale kumabweretsa ntchito yoyenda ndi mapasipoti awiri kapena yosintha nambala mu akaunti ya pa intaneti. Ngati pasipoti yatsala pang'ono kutha, ikonzetseni musanapemphe chikalata cha sukulu.

Palinso amene amasintha sukulu atalandira kale viza n'kunyamuka osauza aliyense. Wophunzira watsopano wolowa mu United States koyamba ayenera kukhala ndi viza ndi I-20 za sukulu imodzi, ndipo viza ya United Kingdom imamangiriridwa ku sukulu imene inapereka CAS.

Dzina la pa tikiti likasiyana ndi la m'pasipoti, ngakhale ndi chilembo chimodzi kapena kasanjidwe ka maina, kampani ya ndege ikhoza kukukanizani kukwera, choncho ngati wina akukugulirani tikiti mutumizireni chithunzi cha tsamba la pasipoti m'malo momutchulira dzina pafoni.

Lamulo la masiku 30 la ku United States limakhudza wophunzira watsopano yekha, ndipo amene akubwerera ku sukulu atapita kutchuthi akhoza kulowa nthawi iliyonse. Komabe wobwererayo ali ndi tsiku lake loyenera kulisamala: I-20 yake iyenera kukhala ndi siginecha ya mkulu wa ofesi ya ophunzira ochokera kunja yololeza ulendo, imene imagwira ntchito kwa miyezi 12, ndipo viza ya m'pasipoti iyenera kukhala isanathe pa tsiku lobwerera. Pitani ku ofesiyo kutatsala milungu iwiri kuti mupite kutchuthi, chifukwa kumapeto kwa semesita ophunzira ofuna siginecha yomweyo amakhala ambiri.